Nsengwa ndi Mitsempha Yake: Mawu kwa Amayi a Pasikelo ya Ana

Ndikudziŵa kuti ena mwa inu mwadzuka tambala woyamba, mwayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, ndipo mtima uli pakuti ana akwere sikelo msanga kuti mubwerere dzuŵa lisanakule. Komabe ndikupemphani kuti mutchere khutu kanthaŵi pang'ono. Lero sindilankhula za zimbudzi, zitsime ndi maenje a zinyalala zimene mumandidziŵa nazo. Ndilankhula za nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana.

Wina afunsa kuti nkhani imeneyi ikutikhudza bwanji ife amene tinachira kale. Ikukukhudzani chifukwa ambiri a inu mudzaimanso. Ena muli ndi ang'ono anu kapena ana anu aakazi amene akuyembekezera mimba yoyamba, ndipo adzafunsa nzeru kwa inu asanafunse anamwino. Komanso tsegulani kabuku ka mwana wanu, muone pamene panalembedwa kulemera kwake tsiku lobadwa. Ngati anabadwa wosakwana makilogalamu 2.5, kaŵirikaŵiri chifukwa chake chinali m'nsengwa.

Makolo athu sanalakwe potcha chiŵalo chimenechi dzina la kadengu kakang'ono koikamo chakudya, pakuti mwana wosabadwa amadyeradi m'menemo. Nsengwa imamera pakhoma la chiberekero ndipo ikakhwima imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Magazi a mayi ndi a mwana sasakanizika. A mayi amafika m'nsengwa ndi kudzaza timipata take, pamene a mwana amayenda m'timitsempha tating'ono kwambiri tokhala ngati mizu yoviikidwa m'madzi. Pamenepo mpweya wabwino ndi chakudya zimadutsa kuloŵa kwa mwana kupyolera m'chingwe cha mchombo, ndipo zoipa za m'thupi la mwana zimabwerera kwa mayi. Mimba ikayandikira kucha, magazi opita kuchiberekero pa mphindi imodzi yokha angadzaze mabotolo aŵiri a Fanta.

Kodi magazi ochuluka chotero amadutsa pati? Inu amene mumalima mpunga m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa mumvetsa msanga. Munda ukakula, ngalande yobweretsa madzi iyenera kukulitsidwa, apo ayi mpunga wakumapeto umafota ngakhale mtsinje uli wodzaza. M'khoma la chiberekero muli timitsempha pafupifupi 100, topapatiza ndi topotanapotana. M'miyezi inayi kapena isanu yoyambirira, nsengwa imatumiza tizigawo take kuloŵa m'timitsemphamo, timene timagumula makoma ake olimba ndi kuisandutsa mitsempha yotakata ndi yofeŵa, kuti magazi aziyenda ambiri koma mwakachetechete. Ntchito imeneyi imachitika mimba isanaoneke nkomwe, nthaŵi imene amayi ambiri amakhala akubisabe ngakhale kwa apongozi awo.

M'chaka cha 1972 dokotala wina wa ku Belgium, Ivo Brosens, pamodzi ndi anzake, anasindikiza zimene anaona atayeza zidutswa za chiberekero za amayi amene magazi awo anathamanga ali ndi pakati. Anapeza kuti mwa amayi ameneŵa timitsempha tija sitinatakasuke mokwanira, tinatsala topapatiza monga tinalili kale. Ngalande inakana kukula. Nsengwa yotero imakhala ndi njala ya mpweya, ndipo mwana amene akudyera m'menemo amakula monyentchera.

Kwa zaka zambiri madokotala ankadabwa kuti vuto la m'chiberekero lingafike bwanji kumutu, kumaso, kuimpso ndi kuchiŵindi cha mayi. Yankho lina lalikulu linapezeka mu 2003 ku Boston, m'dziko la America. Ofufuza anapeza kuti nsengwa yovutika imathira m'magazi a mayi chinthu china chochuluka mopitirira muyeso, chimene anachitcha sFlt-1. Chinthu chimenechi chimagwira ndi kumanga zinthu zina zimene zimasamala khungu lam'kati la mitsempha. Atachiika m'makoswe aakazi okhala ndi bere, makoswewo magazi awo anathamanga ndipo impso zawo zinayamba kutaya zomanga thupi mumkodzo, monga momwe zimachitikira kwa mayi. Chaka chotsatira anaonetsanso kuti chinthuchi chimayamba kukwera m'magazi milungu ingapo mayi asanamve chilichonse.

Motero nthenda imene kuchipatala amaitcha pre-eclampsia ndi nthenda ya mitsempha ya thupi lonse, koma gwero lake ndi nsengwa. Mitsempha imafinyika, magazi nkuyamba kuthamanga. Mitsempha imachucha, madzi nkuloŵa m'minofu, nkhope ndi manja nkutupa. Impso zimataya zimene zinayenera kusunga. Zikafika kuubongo, mayi amagwa ndi kuphupha ngati wakhunyu, ndipo pamenepo amati eclampsia. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa amayi apakati 100, aŵiri mpaka asanu ndi atatu amapezeka ndi nthendayi. Imayamba mimba ikapitirira milungu 20, ndipo imakonda mimba yoyamba, mimba ya mapasa, mayi wamkulu msinkhu, mayi amene anali nayo pamimba yapita, ndi amene ali kale ndi matenda a shuga, a impso kapena kuthamanga kwa magazi.

Ndikuuzeni chimene chinandichitikira, ngakhale ndimachita nacho manyazi. Chaka chimene ndinamaliza maphunziro anga ndinapita kumudzi kukacheza, ndipo ndinapeza mkazi wa mng'ono wanga ali ndi mimba yoyamba ya miyezi isanu ndi itatu. Nkhope yake inali yotupa kotero kuti maso anachepa, ndipo mphete inali itamukanirira pachala. Agogo ankaseka namati amenewo ndi mapasa, kapena chimwana chachimuna chonenepa. Iye ankadandaula mutu, namamwa Panado. Ine ndinaona zonsezi, ndipo ndinali nditaziŵerenga m'mabuku, koma ndinati si malo a mwamuna kulankhula za mimba ya mlamu wake pamaso pa akuluakulu. Ndinabwerera kuntchito osanena kanthu. Patapita masiku asanu anakomoka usiku. Anthu anataya maola akufunafuna amene wamulodza asanafune galimoto. Mayiyo anapulumuka, koma mwana anatuluka atafa, wamng'ono ngati wa miyezi isanu ndi umodzi. Sanali mapasa. Kuyambira pamenepo ndinaleka kuopa nkhani imeneyi, ndipo ndicho chifukwa chake mukuona bambo ataima pano akulankhula za nsengwa.

Tsono kuno kwathu ku Machinga ndi ku Balaka nsengwa ili ndi mdani wachiŵiri amene anzathu a ku Boston sada naye nkhaŵa, ndiye malungo. Tili pakati pa madzi: Shire akudutsa pa Liwonde, Malombe ali kumpoto, Chilwa ndi Chiuta ali kum'maŵa, ndipo udzudzu sutha chaka chonse. Mayi wamkulu amene anakulira kuno thupi lake linazoloŵera kulimbana ndi malungo, koma akatenga mimba, makamaka yoyamba, tizilombo timapeza pobisala patsopano. Mu 1996 ofufuza aŵiri, Michal Fried ndi Patrick Duffy, akugwira ntchito ku Kenya, anaonetsa kuti magazi ogwidwa ndi tizilombo ta malungo amamatirira pakhoma la nsengwa ngati nkhupakupa pakhutu la ng'ombe. Choopsa nchakuti mayi angakhale wosatentha thupi, akugwira ntchito zake zonse, ngakhale kuyezedwa pachala osapezeka ndi kanthu, pamene nsengwa yake yadzaza tizilombo. Anamwino akaiona pambuyo pobereka imakhala yakuda kuposa nsengwa yabwino.

Kale tinkaganiza kuti tizilomboti timangotseka njira monga zinyalala zimatsekera ngalande. Kafukufuku wochitidwa pa amayi a ku Blantyre, mogwirizana ndi ofufuza a ku Toronto m'dziko la Canada, amene anasindikizidwa mu 2013, anaonetsa kuti nkhani njozama kuposa pamenepo. Thupi la mayi likamamenyana ndi tizilombo m'nsengwa, nkhondoyo imasokoneza zinthu zija zimene zimalamula kamangidwe ka mitsempha, kotero kuti timitsempha ta m'nsengwa sitiphuka nthambi zokwanira ndipo mwana amabadwa wochepa. Ku Muheza m'dziko la Tanzania, mu 2006, anapezanso kuti atsikana a mimba yoyamba amene anali ndi malungo a m'nsengwa anali ndi sFlt-1 wochuluka, ndipo anali pangozi yaikulu yakuti magazi awo athamange. Choncho matenda aŵiriŵa, ngakhale ali osiyana, amakumana pamalo amodzi, pamitsempha ya nsengwa.

Pano pali chinthu chimene ndifuna kuti munyadire nacho, chifukwa ambiri sachidziŵa. Zina mwa nzeru zimene dziko lonse likutsata lero poteteza nsengwa ku malungo zinachokera kwa amayi a kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kwa anansi athu ku Mangochi, anayerekeza amayi omwa chloroquine mlungu ndi mlungu ndi amayi omwa Fansidar, amene timamutchanso SP, kaŵiri kokha pamimba yonse. Mwa amayi 100 a chloroquine, 32 anapezeka ndi malungo m'nsengwa, pamene mwa a SP anali 9 okha. Mu 1993 dziko la Malaŵi linakhala loyamba kulamula kuti amayi apakati azilandira SP pasikelo.

Kenaka pakati pa 2002 ndi 2005, pachipatala chachikulu cha boma la Machinga pa Liwonde, amayi pafupifupi 700 a mimba yoyamba ndi yachiŵiri anavomera kuloŵa m'kafukufuku wina. Ena analandira SP kaŵiri monga mwa lamulo la nthaŵiyo, ena mwezi ndi mwezi. Mwa amayi opanda kachilombo ka HIV, oposa 6 pa 100 alionse a kaŵiri anapezeka ndi malungo m'nsengwa, koma a mwezi ndi mwezi anali ngati 2 okha. Mwa amayi okhala ndi kachilombo kusiyana kunali kwakukulu koposa: oposa 21 pa 100 kwa a kaŵiri, ndi osakwana 8 kwa a mwezi ndi mwezi. Zotsatira zimenezi, pamodzi ndi za m'maiko ena, zinathandiza kuti mu 2012 bungwe la WHO lisinthe malangizo ake. Mwina ena mwa amayi amene anapereka magazi ndi nsengwa zawo nthaŵi imeneyo ndi amayi anu okuberekani kapena azakhali anu a ku Ntaja, Nsanama kapena Ulongwe. Maina awo sanalembedwe m'mabuku, koma ana a m'maiko ambiri abadwa olemera bwino chifukwa cha iwo.

Lamulo la tsopano nlakuti mimba ikakwana milungu 13, ndiye kuti miyezi itatu yatha, mayi ayambe kumwa SP, mibulu itatu pamaso pa anamwino, ndipo azibwereza mwezi uliwonse mpaka kubereka, kosachepera katatu. Mayi amene ali pamankhwala a HIV ndipo akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku samwanso SP, chifukwa mankhwala aŵiriwo ndi apachibale, ndipo Bactrim akugwira kale ntchitoyo.

Ena mumati Fansidar anatha mphamvu, si uja boma linamusiya mu 2007 nkutibweretsera LA? Nzoona kuti pochiza munthu wodwala malungo SP sagwiranso ntchito bwino, ndipo mayi wapakati akatentha thupi ayenera kuyezedwa ndi kulandira mankhwala ena. Koma kuteteza nsengwa ndi nkhani ina. Kafukufuku wamkulu wa amayi oposa 4,600 a ku Malaŵi, Kenya ndi Tanzania, amene mlembi wake wamkulu anali Mmalaŵi mnzathu Dr Mwayiwawo Madanitsa, wosindikizidwa mu 2023, anayerekeza SP ndi mankhwala atsopano amphamvu. Atsopanowo anapha tizilombo tambiri kuposa SP, komabe ana a amayi omwa SP ndiwo anabadwa olemera bwino. Ndiye musamataye mibulu ija kuseri kwa chipatala poti imachititsa nseru. Ndimaiona ndikamayendera mabwalo a zipatala, ndipo ndimadziŵa kuti sinagwe yokha. Neti nayo imene munalandira pasikelo njogonamo, si yotchingira dimba la tomato kapena yokokera matemba.

Tibwerere ku kuthamanga kwa magazi. Nthendayi ilibe katemera, ndipo poyamba siŵaŵa. Njira yoigwirira msanga ndi lamba uja anamwino amakumangani pamkono, ndi kuyeza mkodzo. Manambala amene amalemba m'kabuku kanu muziwayang'ana ndi kufunsa tanthauzo lake. Ngati ya pamwamba yafika 140 kapena ya pansi yafika 90, magazi athamanga. Ngati yafika 160 kapena 110, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo, si yodikira mwezi wamaŵa. Ichi ndicho chifukwa chake tsopano tikuti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu pamimba imodzi, osati kanayi monga kale, ndipo maulendo ambiri aikidwa kumapeto kumene nthendayi imakonda kubuka. Mukafika pasikelo ndipo tsikulo simunayezedwe pamkono, kumbutsani mwaulemu. Mzere ukatalika anthu amaiŵala.

Kutupa mapazi madzulo kumachitika kwa amayi apakati ambiri ndipo pakokha sikuopsa. Kutupa kumene tikuopa nkwa nkhope ndi manja, kobwera mwadzidzidzi. Mutu woŵaŵa kwambiri wosamva Panado, maso kuchita chidima kapena kuona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani masana, kupweteka pansi pa nthiti za kudzanja lamanja kapena pachifu kumene ambiri amakuyesa chilungulira, kubanika, mwana kuleka kugunda monga mwa masiku onse, kapena kutaya magazi mimba itauma gwa: chimodzi chokha mwa zimenezi nchokwanira kunyamuka nthaŵi yomweyo, usiku kapena usana. Kutaya magazi kotero kumatanthauza kuti mwina nsengwa yayamba kumatuka mwana asanabadwe, ndipo zimenezi zimachitika kaŵirikaŵiri kwa mayi amene magazi ake athamanga.

Mayi akakomoka ndi kuphupha, mugonekeni chammbali, kudzanja lamanzere, ndipo chotsani zinthu zimene zingamuvulaze. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mankhwala achikuda, pakuti angatsamwe. Si ufiti, si majini, ndipo si chifukwa chakuti mwamuna wake anayenda kunja. Milandu yotero, ngati ilipo, idzakambidwa iye ali moyo. Kuchipatala kuli jekeseni yotchedwa magnesium sulphate. Kafukufuku wa amayi oposa 10,000 m'maiko 33, wosindikizidwa mu 2002, anaonetsa kuti jekeseniyi imachepetsa kukomoka ndi theka ndi kupitirira. Imaŵaŵa pobaya ndipo thupi limamva kutentha, koma musaikane. Alinso ndi mankhwala otsitsa magazi oyenera mayi wapakati.

Koma mankhwala onseŵa amangogula nthaŵi. Popeza gwero la nthendayi ndi nsengwa, imayamba kutha pokhapokha nsengwa itatuluka. Nchifukwa chake dokotala nthaŵi zina amati mwana abadwe masiku asanakwane, poyambitsa matenda ndi mankhwala kapena pochita opaleshoni. Achibale ambiri amakana pamenepa, amati tidikire nthaŵi yake. Ndikumvetsa mantha awo, koma mwana amene nsengwa yake yauma ali bwino pachifuŵa cha mayi wake, atafunditsidwa m'njira ya kangaroo, kusiyana ndi kukhala m'mimba mopanda chakudya. Amene mumakhala kutali, monga ku Nayuchi, ku Chikweo kapena ku Utale, makamaka m'nyengo ya mvula pamene misewu imaduka, mukauzidwa kuti mukadikirire kuchipatala pitani, ngakhale kumunda kuli ntchito. Ndipo mwanamphepo musamuyandikire. Amafinya chiberekero mopanda muyeso, ndipo nsengwa imene ili kale ndi njala ya magazi singapirire.

Pali zinthu ziŵiri zimene zimathandiza kupeŵa nthendayi mwa amayi amene ali pangozi. China ndi aspirin wa mlingo wochepa kwambiri, womwa kamodzi patsiku kuyambira mimba isanafike milungu 20. Kafukufuku wina wa m'maiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Zambia ndi Kenya, wosindikizidwa mu 2020, anaonetsanso kuti amachepetsa kubadwa kwa ana osakwana masiku pamimba yoyamba. Koma ameneyu ngolemberedwa ndi achipatala, si uja wa pagolosale, amene mlingo wake ngwaukulu kanayi. China ndi calcium, mchere womanga mafupa, umene amayi ambiri kuno sapeza wokwanira. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, mpiru ndi mkaka zili nawo, ndipo anamwino akakupatsani mibulu yake imwani. Za kusala mchere wa m'ndiwo, kumene apongozi ena amalamula, ofufuza sanapeze kuti kumaletsa nthendayi. Mchere wambiri suli bwino kwa aliyense, koma mayi wapakati asaleke kudya chifukwa ndiwo zasukuluka.

Zonsezi zikudalira kuyamba sikelo msanga. Ndikudziŵa mwambo wathu wakuti mimba yaing'ono siulutsidwa kuopa anthu oipa mtima. Anamwino si mudzi, ndipo analumbira kusunga chinsinsi. Mungathe kubisira mudzi wonse koma nkubwera kuno mwakachetechete mwezi wachiŵiri kapena wachitatu, ngati kuti mwabweretsa mwana kusikelo. Mukafika, nenani zonse za mimba zapita: ngati munatupa, ngati munakomoka, ngati mwana anabadwa wochepa kapena wakufa. Kabuku kakale musakataye, ngakhale katang'ambika.

Chotsiriza chikukhudza inu amene mwakhala kutsogolo kuno ndi makanda a masiku oŵerengeka. Nsengwa ikatuluka, mitsempha ya mayi sichira tsiku lomwelo. Mayi angathe kukomoka ali kunyumba patapita masiku angapo chiberekere, ngakhale amene pamimba yonse analibe vuto, ndipo ngoziyi imakhalapo mpaka milungu 6. Komanso mayi amene anadwala pre-eclampsia amakhala pangozi yodzadwala kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima m'zaka zamtsogolo, choncho ayenera kuyezetsa chaka ndi chaka ngakhale atasiya kubereka. Tsono amene munabereka milungu 6 isanathe, amene mukumva mutu kapena chizungulire, ndi amene munauzidwapo kuti magazi anu anathamanga, musachoke ana akatha kukwera sikelo. Tsalani pabenchi la kukhondeli, anamwino akumangeni lamba pamkono, ndipo manambalawo alembedwe m'kabuku kanu, osati ka mwana.